Tony Johnstone si Mngelezi, ndi wa ku Bulawayo

Akonzi,

Mundilole ndikonze zomwe zinatuluka pa tsamba lanu la zamasewera, pomwe munatchula a Tony Johnstone kuti ndi mkulu wina wa ku Mangalande wofotokozera gofu pa kanema. Mawu awo amamvekadi pa Sky Sports, koma mkuluyu ndi mwana wa dziko lino la Zimbabwe. Anabadwira ku Bulawayo pa 2 Meyi 1956, ndipo asanagwire maikolofoni anadyera gofu zaka zoposa makumi awiri.

Analowa gofu wolipidwa mu 1979, m'badwo umodzi ndi a Nick Price, a Mark McNulty ndi a Denis Watson. Pa European Tour, mndandanda wa mipikisano ya akatswiri a gofu ya ku Ulaya, anapambana kasanu ndi kamodzi: Portuguese Open mu 1984, Murphy's Cup mu 1990 ndi 1991, PGA Championship ya ku Wentworth mu 1992, South African PGA mu 1998 pomwe anasiya Ernie Els pambuyo, ndi Qatar Masters mu 2001 ali ndi zaka 44. South African Open anaitenga kawiri, Zimbabwe Open anaitenga mu 1993. A Price atasankhidwa kutsogolera timu ya mayiko yomwe imalimbana ndi America pa mpikisano wa Presidents Cup mu 2013, 2015 ndi 2017, a Johnstone anali m'gulu la owathandiza maulendo onse atatu.

Chomwe chandilembetsa kalatayi si zikho ayi. Munthuyu sanatchuke ndi kumenya mpira patali. Anatchuka ndi kutulutsa mpira mu mchenga ndi timipira ta pafupi ndi green, kapinga wosalala pomwe pali bowo, ndipo ndi chifukwa chake kufotokoza kwake kuli ndi nyama. Anyamata athu a ku Mabvuku, Tafara ndi Mbare omwe amanyamula zikwama ku mabwalo a gofu a Royal Harare, Chapman ndi Wingate akamaonera gofu pa kanema amadikira kuona yemwe waponya mpira mamita 300. Chonsecho ndalama ya caddie (wonyamula chikwama cha wosewera), ngakhalenso mphambu ya wosewera wamba, imathera mu bunker, m'dzenje la mchenga lomwe aliyense amaliopa. Pamenepo ndi pomwe ayenera kutchera khutu.

Mpira wa mu bunker ya pafupi ndi green ndi wokhawo pa gofu umene ndodo siyenera kuukhudza. Mumamenya mchenga, mchengawo ndi umene umanyamula mpira. Ndodo yake ndi sand wedge, yomwe nkhope yake imapendekeka madigiri 54 mpaka 58, kawirikawiri 56. Mukaitembenuza mudzaona kuti pansi pake ndi potambalala ndipo chakumbuyo kwatsika kuposa mpeni wakutsogolo. Kutsikako ndi komwe amati bounce, ndipo pa sand wedge yambiri kumakhala madigiri 10 mpaka 14. Ntchito yake ndi kuletsa ndodo kukumba ngati khasu, kuti izitsetsereka pansi pa mpira. Gene Sarazen ndi amene anatchukitsa ndodo yotereyi pomwe anapambana nayo Open, mpikisano waukulu wa ku Britain, mu 1932.

Choyamba, tsegulani nkhope ya ndodo kuti iyang'ane kumwamba, kenako ndiye muigwire. Ambiri amayamba agwira, n'kupotoza manja pambuyo pake; ndodo ikamatsika manja amabwerera mwakale, nkhope n'kutsekeka, mpeni n'kulowa pansi. Tangadzani miyendo kuposa masiku onse, pindani mawondo, ndipo mapazi muwakwirire pang'ono mu mchenga. Kukwirira mapaziko kumakuthandizani kuima nji, komanso kumakuuzani ngati mchenga ndi wakuya kapena pansi pali pouma. Kwa wosewera wa dzanja lamanja, mpira ukhale chakutsogolo, pafupi ndi mzere wa chidendene cha kumanzere, ndipo thupi lilemere kwambiri pa mwendo wa kumanzere womwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Diso lisakhale pa mpira. Likhale pa mchenga, masentimita 3 mpaka 5 kumbuyo kwa mpira, pomwe ndodo ilowere.

Tsono apa ndi pomwe zimavuta. Mtima umauza munthu kuti green ili pafupi, amenye pang'ono. Mchenga ndi wolemera, umadya mphamvu ya ndodo, choncho mpira wa mamita 10 umafuna kukoka dzanja ngati mukumenya wa mamita 30 kapena kuposa pa kapinga. Wosewera akachita mantha n'kuchepetsa liwiro ndodo ili pafupi kufika pansi, ndodo imaima mu mchenga, mpira n'kudumpha kaphazi kamodzi n'kugwera m'phazi lake lomwe. Vuto lina ndi lofuna kuthandiza mpira kukwera. Munthu amatsamira chakumbuyo kuti autole ngati ndi chipande, ndodo n'kugunda pansi msanga, kudumpha, n'kumenya mpira pamimba. Umenewo ndi mpira uja umadutsa green ngati chipolopolo n'kukagwera mu bunker ya tsidya lina. Ukamenya bwino umamva ndi khutu: phokoso lake ndi lakuti phu, lofewa ngati kumenya thumba la ufa, ndipo mchenga wochotsedwawo umakagwa pa green limodzi ndi mpira.

Mchenga wa kuno sukhala umodzi chaka chonse. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mvula ya masana imaupanikiza n'kukhala gwa. Pa mchenga wotere bounce yambiri ndi mdani, chifukwa ndodo imadumpha. Musatsegule nkhope kwambiri, lowani pafupi ndi mpira, masentimita 2 kapena 3, ndipo musakoke dzanja kwambiri popeza mpira umatuluka ndi liwiro. Ngati muli ndi wedge ya bounce yochepa, nthawi yake ndi imeneyo. M'chilimwe mchenga ukauma n'kukhala fumbi, mpira wogwa kuchokera pamwamba umadzikwirira mpaka theka. Pamenepo nkhope musaitsegule, tsitsani ndodo mowongoka ngati mukudula chitsa, ndipo dziwani kuti mpira utuluka wopanda spin, kuzungulira komwe kumauimitsa ukagwa, choncho ugudubuzika. Caddie wanzeru amauza bwana wake kuti asalimbane ndi mbendera, aloze pomwe green ndi yaitali.

Malamulonso amagwetsa anthu. Ndodo isakhudze mchenga kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni kwa mpira, poyeserera, kapena poikokera kumbuyo. Chilango chake pa mpikisano wowerenga mikwapulo ndi mikwapulo iwiri. Kuyambira mu 2019 ndi kololedwa kuchotsa masamba ndi timiyala mu bunker bola mpira usasunthe, ndipo yemwe wagonja akhoza kuutulutsa kunja polipira mikwapulo iwiri. Madala ambiri pa mabwalo athu akadali pa malamulo akale, amakalipira ana pa zinthu zomwe zinaloledwa kalekale.

Izi ndi zomwe wofotokozera wosewerapo amaona msanga kuposa kamera. Ntchito ya pa kanema si kuuza anthu kuti mpira walowa, maso ali nawo. Ndi kuwauza mpira usanamenyedwe kuti wakhala bwanji, mlomo wa bunker ndi wautali bwanji, green ikutsetserekera kuti, wosewera ali ndi njira zingati, ndi yomwe ingamupweteke. Akatero amakhala chete kuti mkwapulo umveke. Ofotokozera ena amakhala m'kanyumba ndi makanema patsogolo, m'khutu muli mawu a woyendetsa pulogalamu yemwe amadumpha kuchoka pa bowo lina kupita lina. Ena amayenda ndi osewera pa bwalo n'kumalankhula monong'ona. Wa m'kanyumba amakhala ndi masekondi ochepa oti anene chanzeru chithunzi chisanasinthe. Akatswiri ambiri opuma amalephera apa. Kapena amangokamba za m'masiku awo, kapena amaopa kunena kuti mnzawo wasankha ndodo yolakwika. A Johnstone sabisa Chichewa, amanena, ndipo amatero ndi nthabwala moti ngakhale wosadziwa gofu amatsalira pa mpando. Mpikisano ukakhala ku Leopard Creek, m'malire mwa Kruger National Park, amafotokozanso za mbalame, mvuu ndi ng'ona za mu mtsinje wa Crocodile ngati munthu wokulira kutchire. Ena amati izi n'kutaya nthawi. Ine ndimaona kuti gofu wa maola asanu amafuna popumira.

A Johnstone si oyamba ochokera kuno kulowa ntchito imeneyi. A Denis Hutchinson, obadwira ku Mutare mu 1932, omwe anatenga South African Open mu 1959 asanalowe gofu wolipidwa, anakhala mawu a gofu pa kanema wa ku South Africa kwa zaka zambiri.

Nkhani yanu sinatchulenso chomwe chinachotsa a Johnstone pa European Tour. Mu 2004 anawapeza ndi multiple sclerosis, matenda omwe chitetezo cha m'thupi chimaononga chikuto cha mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana, uthenga n'kumachedwa kapena kusokonekera. Amabweretsa dzanzi, kutopa, kusaona bwino ndi kudzandira. Kwa munthu amene chuma chake chonse chinali kumva kulemera kwa ndodo m'zala, tangoganizani. Analandira mankhwala omwe panthawiyo anali oyeserera, matenda anagonja pang'ono, ndipo atakwana zaka 50 anabwerera pa mipikisano ya akuluakulu ku Ulaya. Anapambana Jersey Seniors Classic mu 2008, n'kupambananso Travis Perkins Senior Masters ku Woburn mu 2009.

Pempho langa ndi lakuti mukonze za dziko lawo m'kope likubwerali. Komanso Zimbabwe Open ikafika, tumizani mtolankhani wanu asakangojambula wolandira chikho. Akaime pa bunker yoyesererapo m'mawa, osewera asanayambe, akaone pomwe ndodo zawo zikulowera mu mchenga, akatilembere m'Chichewa.

Mphunzitsi wa gofu,
Harare