Zikomo kwa mayi amene anandidikira pa foni ndili panja ndi tochi

Kwa akuluakulu a ofesi yoona za makasitomala,

Makalata onse amene ndinalemberapo makampani a gasi anali odandaula, moti lero ndikuchita kusowa poyambira, koma mundilole ndithokoze mmodzi mwa antchito anu.

Ndinasamukira m'nyumba ya lendi imene ndikukhalayi mu Novembala, kuno ku England, ndipo ndinapeza mita ya gasi yolipiriratu, ija yokathira ndalama pa khadi kushopu nkudzailowetsa mu mita. Chilowereni changa ndalama imangotha ngati ndikutungira madzi m'dengu. Ndithire £20 Lolemba, pofika Lachinayi ndadina kale emergency credit, kandalama kapangozi kamene mita imakupatsa zako zikatha, chonsecho hita ndimayatsa m'mawa pang'ono ndi madzulo basi, masana ndili kuntchito. Mumtima ndinagamula kale kuti mitayi ikundibera, koma kuti ndiimbe foni ndinazengereza miyezi iwiri yathunthu, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Kunyumba yanga yakale ndinali ndi kampani ina, sindiitchula dzina, akudzidziwa okha. Kumeneko ukaimba umamvera kanyimbo kamodzimodzi mphindi 40, wina ayankhe nkukutumiza kwa wina, winayo akufunsenso dzina ndi adiresi kuyambira poyamba, ukamati wayamba kufotokoza vuto lako foni thii, yaduka. Tsiku lina bambo wina anandiyankha kuti mita sinama, ingothirani ndalama zambiri, ndipo anayankhula mmene amayankhulira ndi mwana wosamva. Imelo imene anati ayankha pasanathe masiku asanu ndikuidikirabe mpaka lero. Anzanga anandiuza kuti pakatha masabata 8 nkhani isanakonzedwe ukhoza kupita nayo kwa Energy Ombudsman, bungwe loweruza madandaulo a makasitomala a gasi ndi magetsi, koma ndinali nditatopa kale, ndinangosamuka nkuzisiya.

Ndiye tsiku loimbira inu ndinakonzeka ngati ndikupita kubwalo la milandu, foni pa chaja, pepala m'manja nditalembapo mawu oti ndikakalipe nawo. Mawu aja sindinawagwiritse ntchito olo limodzi.

Anayankha mayi wina, dzina lawo sindilemba pano koma mukayang'ana mu makina anu Lachiwiri lachiwiri la Januwale madzulo muwapeza. Choyamba anandifunsa kuti dzina langa limatchulidwa bwanji, nkulibwereza kawiri mpaka analikhoza. Mwina kwa inu ndi kanthu kakang'ono koma ine zaka zonsezi ndakhala ndikuyankha mayina achilendo omwe makolo anga sanandipatse. Kenako asanafunse za akaunti anafunsa kaye ngati pakadali pano gasi alipo m'nyumba, ngati muli ana kapena munthu wodwala. Apa mtima wanga unayamba kutsika.

Atamva kuti ndikukayikira mita sanatsutse, anati tiyeni tione limodzi. Anandiuza ndizimitse boila, chitofu, chilichonse chodya gasi, ndikawerenge manambala a pa mita, tidikire, ndiwerengenso. Mita yanga ili m'bokosi panja, kunja kunali kutada kale ndipo kukuzizira koopsa, ndiye kakiyi ka makona atatu kotsegulira bokosilo kasowa. Ndinasaka m'madilowa onse, ndinakagogoda kwa aneba kukabwereka kawo, ndipo nthawi yonseyi ndimadikira kumva thii uja. Ayi ndithu, ndimvekere halo, iwo amvekere ndilipo bambo, musathamange mungaterereke, valani jekete kaye. Munthu wosandidziwa, woti pamzere pali anthu ena ambirimbiri, akundikumbutsa jekete! Ndinaseka ndekha panja paja tochi ili kukamwa.

Manambala sanasunthe. Anati zimenezi zikusonyeza kuti mita sikuyenda yokha ndipo sizikuoneka kuti gasi akutayika m'mapaipi anga, koma anatsindika kuti tsiku lina ndikadzamva fungo la gasi ndisadzataye nthawi ndi iwo, ndidzatsegule mazenera nkuimba nambala ya zadzidzidzi. Kenako anandidinitsa kabatani ka pa mita, uku akundiuza chimene ndikuyenera kuona, mpaka tinafika pomwe panalembedwa ngongole. Ngongole ya ndani? Ine sindinakongolepo. Anafunsa kuti khadi ndinaitenga kuti, ndinati ndinaipeza mu dilowa ya kukhitchini tsiku lolowa. Anapumira m'mwamba, nkunena kuti pepani, mwakhala mukubweza ngongole ya amene ankakhala m'nyumbamo inu musanabwere. Palibe amene anandiuzapo kuti ukalowa nyumba yatsopano umayenera kupempha khadi yakoyako, landilodi naye anangondipatsa makiyi nkumapita.

Zina zimene anachita mu kompyuta mwawo sindingazifotokoze, ndimangomva tekete tekete. Koma anandimasulira komwe £20 yanga imapita, mosandichititsa manyazi. Mita imawerenga gasi mu makiyubiki mita pomwe mtengo umawerengedwa pa kWh, muyezo wa mphamvu imene wagwiritsa ntchito, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi pafupifupi 11 kWh, ndiye kanambala kamodzi kakasuntha ndalama yapita yochulukirapo kuposa mmene diso likuonera. Palinso standing charge imene imadulidwa tsiku lililonse olo upite kutchuthi osayatsa kanthu, komanso emergency credit imene ndimaiona ngati mphatso ija ndi ngongole, imabwezedwa ukangothira ina. Kuphatikiza ngongole ya munthu wina ija, moto umayaka ndi zotsala.

Anandiuzanso kuti ngati ndikukayikabe ndili ndi ufulu wopempha kuti mita ichotsedwe ikayezedwe ndi akatswiri oima paokha, ikapezeka yolakwa mudzandibwezera zomwe ndinapitirira kulipira, koma ikapezeka ili bwino mwina ndidzalipira ndine zoyezetsazo. Sanandiopseze nazo, sanandikakamizenso, anangoti bwanji muyambe mwalemba manambala tsiku lililonse kwa sabata imodzi muone. Ndinalemba, ndipo mita ija ndaipepesa.

Tisanatsanzikane anawonjezera zomwe amachita kunyumba kwawo, kuti boila yanga ndi ya combi, yopanda thanki ya madzi otentha, ndiye kutentha kwa madzi opita ku ma radiator ndikutsitse kufike cha pa madigiri 60, thermostat yoongolera kutentha kwa m'nyumba ndiibweze digiri imodzi, radiator yozizira kumtunda ndiitulutse mpweya, ndipo mphepo yolowera pansi pa chitseko ndiitseke olo ndi thaulo lakale. Za kuvindikira mapoto pophika ndinawauza kuti amayi anga anandiphunzitsa kalekale, tinaseka tonse.

Anati andiimbira Lachisanu. Ine mawu amenewa ndinawamvapo kambirimbiri kwa ena aja ndiye sindinawaike kumtima. Lachisanu ndili pa basi foni inalira, anali iwo, kufunsa ngati khadi yatsopano yafika ndi kundiuza kuti ndalama za ngongole ija zibwerera. Zinabwereradi.

Chonde kalatayi ifike kwa abwana awo, ndipo mukamaphunzitsa antchito atsopano muziwakhazika pafupi ndi mayi amenewa. Mutati muzibwereketsa antchito kwa makampani anzanu, ndikudziwa komwe mungayambire. Muwauzenso kuti kakiyi kanga kaja ndinakapeza, kanali m'thumba la jekete lomwe anandiuza kuti ndivale lija.

Ndine kasitomala wanu,
wa mita ya m'bokosi panja