Nachisale, nanga dilesi lija tidule bwanji?

Matawale, Zomba
Lachitatu usiku

Nachisale mnzanga,

Uthenga wako ndaumvera katatu. Koyamba ndinali pa kabaza kuchokera kumsika, mphepo ikudya mawu, ndinangotolapo "opaleshoni" ndi "Ogasiti", mtima n'kuti myuu. Kachiwiri ndinakabisala kuseri kwa kalasi ana akusesa. Kachitatu ndinaitana Tadala kuti amve nane, poti wa zachipatala m'nyumba muno ndi iyeyo ndipo ali pa holide. Magetsi anazima 4 koloko, foni yatha moto, ndiye ndang'amba mapepala pakati pa kope langa la sikimu. Ndijambula mawa kusukulu n'kukutumizira. Ukalephera kuwerenga, mlandu ndi wa kandulo.

Iwe, nkhani yoti akakudula chifu ungaiike pakati pa kudandaula mvula ya ku Manchester ndi kufunsa saizi ya nsapato za Chisomo? Ngati ukunena zoti ukukameta tsitsi? Unangoti "gastric bypass" n'kupitirira. Ine ndinkayesa ndi dzina la msewu.

Tadala anatenga envelopu ya bilu ya madzi n'kundijambulira kumbuyo kwake. Chifu anachijambula ngati nyemba yaikulu, n'kulemba mzere kumtunda. Akuti kachigawo kakumtundako amakapatula ndi tizitsulo tonga ta sitepula, kamasanduka kathumba kolowa pafupifupi mamililita 30 basi. Sindinamve. Anapita kukhitchini, n'kubwera ndi dzira, n'kuliika patebulo. "Amayi, chifu cha anti chizikhala chonchi." Dziralo likadali pompano, ndikulemba ndikuliyang'ana. Kenaka akuti amadula matumbo aang'ono, mbali yakumunsi n'kuikokera m'mwamba kudzailumikiza ku kathumbako. Chifu chachikulu chija sachichotsa ayi, chimatsala momwemo chikupangabe timadzi take, timene timakakumana ndi chakudya kutsogolo. Papepala zinatuluka ngati chilembo cha Y, ndipo dzina lake akuti ndi Roux-en-Y, Roux ameneyo anali dokotala wa ku Switzerland. Ine ndinati aaa, ndiye zili ngati muja milatho inakokolokera nthawi ya Freddy mu 2023, magalimoto n'kumalambalala. Tadala anati eya, kungoti mlatho wa anti ndi wabwinobwino, akuutseka dala.

Ndinamufunsa ngati azunguwo sakungoyeserera pa iwe. Anaseka. Akuti anayambitsa ndi dokotala wina dzina lake Edward Mason ku Iowa, ku America, mu 1966, ataona kuti odwala amene ankawachotsa gawo la chifu chifukwa cha zilonda za m'mimba ankaonda osanenepanso. 1966, Nachisale! Likulu likadali kuno ku Zomba, ife tisanabadwe n'komwe. Ndipo masiku ano akuti sang'amba mimba yonse monga anandichitira ine pobadwa Chisomo, amangoboola timabowo tingapo n'kulowetsa kamera ndi zida zazitalizitali, pakatha masiku awiri kapena atatu munthu n'kutuluka. Pamenepo mtima unakhalako pansi pang'ono.

Koma tsono dilesi.

Iwe waiwala kuti mu Epulo unanditumizira miyezo yako? Ndinagula mamita 6 a chitenje cha yunifomu ya pa ukwati wa mwana wanga, chobiriwira chija anasankha azakhali a mkwati titakangana milungu itatu. Cha iwe ndekha ndinaonjezera mita ina yapadera, osauza munthu. Nsaluyo ili kwa telala wathu uja wa pakhonde, wailemba kale choko. Lolemba ndinathamangirako ndisanapite kusukulu, ndinamupeza sizasi ili m'manja, mwamwayi akudula ya mai a Yamikani. Ndinati bambo imani, ya ku Manchester ija musaikhudze. Anati bwanji, sabweranso? Ndinati abwera, koma sitikudziwa kuti abwera angati. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinayesa kufotokoza za dzira lija, ndipo amayi awiri amene ankadikira masiketi awo anasiya kucheza n'kutchera khutu, ndiye ndinangomeza mawu. Iye anati, "Mayi, ine ndimasoka thupi loima, osati loyenda."

Ndipo akunena zoona. Tadala akuti thupi limatsika kwambiri miyezi yoyambirira, n'kumapitirirabe mpaka chaka kapena chaka ndi theka. Opaleshoni mu Ogasiti, ukwati pa 20 Disembala. Ndiye kuti tsiku limenelo udzakhala uli pakati pa ulendo. Tikasoka pa miyezo ya Epulo udzaoneka ngati wavala tenti ya pamaliro. Tikayerekeza n'kuchepetsa, bwanji ngati thupi lako lidzachite makani monga mwini wake? Usiku wa Lolemba sindinagone, ndimawerengera mainchesi. Bambo a Chisomo anatembenuka n'kuti mnzako akukalowa m'fiyeta iwe ukulira nsalu. Amuna sadziwa kanthu. Pa zithunzi udzaima pambali panga, ndipo zithunzi za ukwati zimakhala pakhoma zaka 30.

Kodi amayi ako wawauza? Ndinawaona Lamlungu ku Chinamwali, sanatchule, inenso ndinatseka pakamwa. Akusungira mbuzi. Akuti mwana wanga akadzafika ndidzamukonolera chimanga chamakolo, adye nsima yoyera yeniyeni, osati ufa wa m'mapaketi wa kumeneko. Ndinangoti ee amayi. Nanga ndikanati chiyani? Tadala wandiwerengera ndondomeko yake: poyamba zamadzimadzi zokhazokha, kenaka zopota ngati phala la mwana, kenaka zofewa, chakudya chenicheni pakatha mwezi ndi kuposerapo. Ngakhale pamenepo, timbale ta ana, kutafuna mpaka nsagwada kutopa, kuyamba ndi ndiwo monga nsomba, mazira, nyemba, nsima pambuyo ngati malo atsala. Malo ake atsala pati m'dzira? Iwe amene unkamaliza mitanda itatu ya mgaiwa ku boding'i n'kumasuzumira m'mbale mwanga! Akutinso madzi samwera pamodzi ndi chakudya, uzidikira theka la ola. Zakumwa za gasi ayi. Ndiye makireti a Fanta amene alonjeza amalume a mkwati uzidzangowadutsa ngati mlendo.

Choopsa ndi shuga. Akuti poti chakudya chimagwera m'matumbo mwachangu, ukadya zotsekemera thupi limasokonezeka, thukuta kuti chuu, mtima kugunda, chizungulire, mwinanso kuthamangira kuseri. Azungu amati dumping. Tsono taganiza. Azakhali ako a ku Jali afulula thobwa, athiramo shuga wa paketi yonse monga amachitira, akugwadira ndi chikho pamaso pa anthu. Ukana? Udzayamba wafotokoza za chilembo cha Y? Adzati wapita kunja wayamba kunyansidwa nafe, kapena ukuopa kuti akuthirira mankhwala. Ndaganiza kuti ndizidzakhala pafupi nawe, iwe uzingogunditsa mlomo, ine n'kumamaliza mwakabisira. Kungoti inenso sindikuyenera. Anandipeza ndi shuga mu Meyi, ndili pa metformin m'mawa ndi madzulo. Sindinakuuze, unali ndi zako. Chaona mnzako chapita. Tiyi wopanda shuga ndi chilango, mnzanga, ndipo tomato wakwera moti mulu wa tinayi ting'onoting'ono akuutchula mtengo osachita manyazi. Denga la kukhitchini nalo likudontha ndi chiperoni chomwechi, mvula yeniyeni isanabwere.

Ndikuuze chimene chikundidya kwenikweni. Kuno munthu akaonda msanga, ukudziwa zimene anthu amaganiza. Sanena, amangoyang'ana kolala, kenaka n'kuyang'anana. Tinakula nazo. Ukukumbuka mmene tinkamuonera Esinati mu 1998, lamba akuboola bowo lina mwezi uliwonse, ife n'kumamuuza kuti ukuoneka bwino lero? Ma ARV aulere anadzabwera 2004, iye tinali titamuika kale ku Domasi. Mpaka lero ndikaona munthu amene ndinamudziwa wonenepa atatha thupi, m'mimba mwanga mumazizira ndisanaganize n'komwe. Ndiye iwe udzatsike basi pa depoti, masaya atalowa, tsitsi litapepuka, poti Tadala akuti nalonso limathothoka miyezi yoyambayo kenaka n'kumeranso, anthu a kutchalitchi adzakupatsa moni wa manja awiri uja, wa pansipansi. Amayi ako adzalira kuchipinda. Uwauze, Nachisale. Uwauze iwe mwini, opaleshoni isanachitike, asadzamve kwa mai a Yamikani amene ndikukayika kuti anatolapo kena kake kwa telala kuja. Ndipo ubwere ndi wigi yabwino. Ukadzathana nayo undisiyire.

Palinso china chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira tsamba loyamba. Utabwera mu 2019 tinakwera ku Chawe, galimoto tinaisiya pa damu la Mulunguzi kuti tiyende wapansi kukaona mathithi. Unkaima pa kona iliyonse, ati ndikuona malo. Unagula masitiroberi kwa anyamata atatu osiyana, ndipo ine ndinkati ndi dyera, pamene iwe unkangofuna poimira kuti upume. Ndinakuseka. Ndinati mapaundi akukhala bwino, ndinati uchembere wakuyanja, ndinakumenya pathako pamaso pa ana. Nawe unaseka. Mu uthenga uja ndi momwe ndamva koyamba zoti umagona ndi makina okuthandiza kupuma, zoti mawondo amakuliza ukamatsika masitepe kuntchito, zoti insulin unayamba zaka zinayi zapitazo. Ndinafunsa Tadala za 43 unatchula uja. Akuti ndi BMI, amatenga makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu kawiri, ndipo madokotala akhala akuvomera opaleshoni imeneyi munthu akafika 40, kapena 35 ngati alinso ndi shuga kapena BP. Akutinso ambiri a shuga akachitidwa, shugayo amatsika msangamsanga thupi lisanatsike n'komwe, ena mpaka kusiya jakisoni. Ndiye sindikuletsa. Ndikanakhala ndani ine? Kungoti ndinali mnzako zaka zonsezi ndipo chimene ndinkaona ndi chiuno chosekera.

Koma usandinamize kuti ndi kanthu kakang'ono. Ndinamukakamiza Tadala kuti anene zoipa zake, anayamba wazemba, kenaka ananena: polumikiza paja pakhoza kudontha, magazi akhoza kuundana m'miyendo, n'chifukwa chake amakudzutsa kuti uyende tsiku lomwelo ngakhale ukumva kuwawa. Pambuyo pake timiyala ta mu ndulu timakonda kubwera thupi likatsika mothamanga. Akuti ambiri amadutsa bwinobwino. Ndamva. Koma adzakhale pambali pa bedi ndani? Mwana wako ali ku Glasgow ndi mayeso ake. Amayi a ku Zimbabwe aja umagwira nawo ntchito ndi odalirika? Kuno tikanagona pansi pa bedi lako ndi mphasa, ine ndi Nangozo mosinthana, tikukangana ndi manesi. Kumeneko akuti mlendo amamuwerengera maola. Unditumizire tsiku lenileni ndi nthawi yake, ndi nambala ya munthu amene adzayankhe foni. Amayi a Mvano ndingowauza kuti tipempherere wodwala wa kutali, dzina ayi.

Ndiye pali za moyo wonse izi. Mavitamini tsiku lililonse, ayironi, kashiamu, ndi jakisoni wa B12 pa miyezi itatu iliyonse, poti mbali imene imathandiza thupi kuyamwa zimenezi ndi yomwe akuilambalalayo. Kuyezetsa magazi chaka ndi chaka. Suja umati ukapuma ntchito udzamanga pa puloti yako ya ku Thondwe n'kumaweta nkhuku? Uwafunse madokotala akowo kuti munthu wa chifu cha dzira amakhala bwanji ku Thondwe. Uwafunse ndithu, ulembe papepala. Ndipo Brufen akuti usadzayerekezenso, amayambitsa zilonda polumikiza paja. Kuno ukangoti mutu, aliyense amatulutsa Brufen m'chikwama ngati switi, ine ndemwe woyamba. Kavinyo kako kaja nakonso akuti kazikugwira msanga, theka la tambula uli kale pa tebulo kuvina, ndiye pa ukwati wa mwana wanga ndikuyang'anira.

Agogo a bambo a Chisomo tinawaika sabata yatha ku Songani, anagona tulo osadzukanso. Anthu anabwera ambiri, nkhuni zinachepa. Nangozo akupereka moni, akuti ngongole ya banki m'khonde ija sanaiwale. Mphaka wabereka m'kabati ya mbale.

Kandulo watsala chala chimodzi. Za dilesi ndaganiza chonchi: telala asadule, nsaluyo ndikaitenge ikhale m'sutikesi, iwe uzidziyeza pa 1 mwezi uliwonse n'kumanditumizira, tione mmene ukutsikira. Ukafika pa 12 Disembala tipite molunjika kuchokera ku Chileka, usanakaone ngakhale amayi ako. Koma Disembala atelala amakhala ndi mulu wa za Khirisimasi, ndipo ameneyu ukamufulumizitsa amasoka mkono wina wautali. Kapena tisoke ya makwinya m'chiuno, ya chingwe chokoka, kungoti azakhali a mkwati anati sitayilo ikhale imodzi kwa tonse, ndipo mayi amene uja ukamuuza kuti mmodzi asiyane ayamba kufunsa chifukwa, ndiye ine ndidzati chiyani, poti mita yapadera ija nayonso sindinamu