Tindege takale ta rimoti musatitaye, tiikeni batire

Akonzi,

Zikomo pondipatsako kampata. Ndikulemba kuchokera kuno ku Harare, ku Mufakose, komwe enafe tinabadwira ngakhale makolo athu kwawo ndi ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo nyuzi yanuyi timaiwerengera pa foni bandulo ikalola. Nkhani yanga ndi ya tindege ta rimoti, osati ma drone ogula mu shopu aja ayi, koma tija tomanga wekha ndi manja, tofanana ndendende ndi ndege zenizeni kungoti tachepa. Ndikudziwa ena aseka kuti bambo wamkulu ndi ndevu zake akulimbana ndi zidole anthu akusowa ufa. Aseke basi, koma andimvere kaye.

Masewerawa kale anali a mabwana, tinene zoona, ndipo chimene chinkatitsekera khomo enafe sichinali matabwa kapena luso ayi, chinali injini. Injini zija amati za glow sizimwa petulo wa pa filling station, zimamwa methanol wosakaniza ndi nitromethane ndi oyilo, nde mafuta amenewo umachita kudikira munthu wochokera ku Joni, kuonjezera apo glow plug, pulagi yoyatsa mafuta mu injini, yomwe imapsa nthawi yomwe yafuna, sitata, batire yoyatsira, ndi kanido kotchunira kaja komwe ukangopotoza pang'ono molakwika injini imazimira m'mwamba iwe uli kukamwa yasa. Komanso Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, injini yoyaka moto kuno imataya mphamvu poyerekeza ndi ikakhala ku Beira kapena ku Nsanje. Chifukwa chake tindege tambiri tinangokolekedwa m'magalaja, tina timagulitsidwa motchipa eni ake akamasamuka, tina ana amathyolathyola.

Mfundo yanga ndi yoti tindege timeneti tili ndi moyo, kungochotsa injini nkuika mota ya magetsi basi, ndipo ntchito yake munthu woti amatha kukonza wailesi kapena kuwotcherera waya pa foni angaigwire bwinobwino.

Poyamba kayezeni kulemera kwake, sikelo ya kukhitchini ikwana. Odziwa amawerengera kuti ndege yoti iziuluka momasuka, kutembenuzika pang'ono, imafuna ma watt 100 pa paundi iliyonse, kunena kwake ngati 220 pa kilo, yophunzirira imatha kuuluka ndi ocheperapo. Nde tiyerekeze muli ndi ija yotchuka ya injini ya .40, imene ndi 6.5 cc, yolemera makilo 2.5, mukufunika ma watt ngati 550. Batire yochajidwa ya tindegeti, ija amati LiPo, selo imodzi ndi ma volt 3.7, ikadzadza 4.2, mukalumikiza maselo anayi, ija amalemba kuti 4S, mwapeza 14.8, gawani 550 ndi 14.8 mupeza kuti mota izikoka ma amp osafika 40 kwenikweni, choncho ESC, kabokosi koyendetsa liwiro la mota kaja, mugule ka ma amp 60 kuti kasamagwire ntchito kali wefuwefu. Masamu ake ndi omwewo, mwana wa fomu 2 angathe, ndipo ine ndaonapo mwana yemwe kusukulu amathawa fizikisi atagwira bolopeni kuwerengera yekha ma amp chifukwa choti akufuna ndege inyamuke.

Mota ikhale ya brushless, ija chigoba chakunja ndi chimene chimazungulira. Pamota amalembapo nambala ya Kv, ndiko kuti imazungulira kangati pa mphindi pa volt iliyonse, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwa chifukwa amaganiza kuti nambala yaikulu ndiye mphamvu. Ayi. Ya ndege ngati imeneyi Kv ya pakati pa 650 ndi 800 pa 4S ndi yabwino, imazunguza pulopela yaikulu mofatsa, ya mainchesi 12 kapena 13 pomwe injini ija inkazunguza ya 10 kapena 11. Kuno kumtunda pulopela yokulirapo imathandizanso poti mota ilibe nazo ntchito za mpweya woyatsira moto, koma pulopela ndi mapiko zimafunabe mpweya woti zigwire. Kungoti muonetsetse kuti siikukhula pansi ponyamuka, mabwalo athuwa udzu wake mukuudziwa. Ndipo musangoganizira, bwerekani watt meter, kachipangizo koyezera ma watt ndi ma amp, muyeze, pulopela ikakula ndi inchesi imodzi yokha ma amp amakwera moti mutha kuotcha mota ndege isanaone nkumwamba komwe.

Pomwe ndikufuna kukhalitsapo ndi pa balansi, chifukwa ndege zambiri zosinthidwa zimafera pamenepa tsiku loyamba lomwelo. Injini ya .40 ndi saelensa yake imalemera pafupifupi theka la kilo, yonseyo ili kumphuno. Mota ndi yopepuka. Mukangosintha osaganiza, ndege imalemera kumchira, ndipo ndege yolemera kumchira siimva rimoti, imadzutsa mphuno, kuima, kugwera phiko limodzi, kenako mukukatola zidutswa mu chimanga cha eni ake. Mankhwala ake ndi batire yomweyo, ilowe pomwe panali thanki ya mafuta, muzikankhira kutsogolo mpaka ndege mukainyamula ndi zala ziwiri pansi pa mapiko, pamalo omwe pulani yake inanena, kawirikawiri kota kapena gawo limodzi mwa atatu kuchokera kutsogolo kwa phiko, izikhala chowerama pang'ono. Osathamangira kumata mtovu, kulemera kumene mukukufuna muli nako kale mu batire. Muimange zolimba ndi lamba, ikasuntha m'mwamba balansi yapita. Ubwino wake batire siipepuka pouluka ngati mmene thanki imachitira mafuta akamatha, nde mmene yanyamukira ndi mmene iterere.

Kathabwa komangirapo injini kaja, ngati ndege inauluka zaka ndi glow, kamakhala katamwa oyilo ndipo guluu sagwirapo ngakhale mutapemphera, ndi bwino kudula pulayiwudi yatsopano. Mpweya uzilowanso kutsogolo kudutsa pa mota, ESC ndi batire nkutulukira kumbuyo, bowo lotulukira likhale lalikulu kuposa lolowera. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno zimenezi si zosankha.

Tsono kwa ife okonda ndege zofanana ndi zenizeni, magetsi atichitira chinthu chachikulu. Kale umamanga mphuno yokongola miyezi kenako nkuiboola kuti mutu wa injini ndi saelensa zitulukire, ndege yonse yonata ndi oyilo ukamabwera nayo kunyumba, mayi akunyumba osakondwa. Pano zonse zimabisala mkati. Koma chachikulu ndi ndege za injini zingapo. Ndi glow, kumanga ya injini ziwiri kunali kuika mtima m'manja, imodzi ikazima inayo imaikoka ndege chozungulira mpaka pansi, za injini zinayi nde osakamba. Mamota amayaka limodzi, amathamanga mofanana, sazima chisawawa. Ndiye bwanji tizingomanga Spitfire ndi Mustang, ndege za nkhondo za azungu zija, ngati kuti kuno kunalibe ndege? Vickers Viscount, ya injini zinayi za Rolls-Royce Dart, inkauluka ndi Central African Airways pakati pa Salisbury, Harare ya lero, ndi Chileka nthawi ya chitaganya, Air Malawi inadzakhalanso nazo, ndipo timabokosi take ta injini ndi towonda moti glow simungaibise koma mota imalowa bwinobwino. Palinso ma Dakota ndi ma DC-4 a Wenela omwe ankanyamula azigogo athu kupita ku migodi, kuphatikizapo ija inagwa ku Francistown mu 1974 nkupha Amalawi oposa 70, zomwe zinachititsa a Kamuzu Banda kuimitsa zolemba anthu a Wenela. Ana athu kuno amadziwa gule amene makolo anabwera naye, koma ndege zimenezi sanazionepo ndi pachithunzi pomwe. Ine ndikanakonda kuona Dakota ya mamita awiri ikudutsa pamwamba pa bwalo la mpira, madala akuloza.

Pali zotaya, sindikubisa. Kulira kwa injini kulibe, fungo la oyilo wa castor lija kulibe, ndipo anzathu ena akale amati ndege yosalira si ndege. Batire imodzi imakupatsa mphindi mwina 6 mpaka 10, ndipo imakalamba, sikuti wagula kamodzi basi. Madola amafunikabe, mota, ESC, chaja ndi batire zonse nzochokera kunja. Koma ukagula wagula, palibe zoti sabata iliyonse ukusaka mafuta. Thupi la ndege silifunanso balsa, thabwa lopepuka lodula lija la ku Ecuador, poti mota siigwedeza ngati injini ndipo palibe mafuta osungunula zinthu, kaylite ya m'makatoni a firiji ikugwira ntchito, zikwangwani za pulasitiki zija zimatsala kampeni ikatha zikugwira ntchito, waya wa miyendo ndi tizitsulo mukazipeza ku Siyaso ku Mbare. Mwana amene amapinda galimoto ya mawaya yokhota ndi chiwongolero manja ali nawo kale.

Chenjezo langa lili pa batire, ndipo apa sindikuseka. LiPo ikaboledwa, ikachajidwa mopitirira 4.2 pa selo kapena ndi chaja yolakwika imayaka moto wovuta kuzimitsa. Ife kuno tinazolowera kuti magetsi akabwera pakati pa usiku timalumikiza chilichonse nkubwerera kukagona, chonde LiPo isakhale m'gulu limenelo. Muichaje muli maso, pa simenti, kutali ndi makatani ndi matiresi, ndi chaja ya balansi yomwe imayang'ana selo iliyonse payokha. Machaja ambiri amalandira ma volt 12, nde batire ya sola kapena ya galimoto imakwana masana dzuwa likuswa, simukufunika kudikira magetsi. Musaimalize mpaka kutsika pansi pa ma volt 3 pa selo, ndipo ngati simuuluka masabata angapo muisiye pa 3.8. Ikatupa ngati mandasi yatha imeneyo, musamve chisoni. Otumiza katundu kwa amalaicha podzera pa Beitbridge, kapena pa basi yodutsa ku Nyamapanda ndi Tete kupita kumudzi, kutani mapulagi ndi tepi, musaponye pansi pa masaka. Pa ndege zenizeni mabatirewa amayenda m'chikwama cha m'manja, osapitirira 100 Wh (muyezo wa mphamvu imene batire imasunga) popanda chilolezo cha kampani, ya 4S ya 5000 mAh ndi 74 Wh. Chinanso pulopela ya magetsi siichenjeza, ndege ili phee pa tebulo mwagunda sitiki ya pa rimoti ndi chigongono yadzuka, ndipo ikakumana ndi chala siizima ngati injini, imapitiriza. Mukamatchuna ma servo, timamota towongolera ndege tija, chotsani kaye pulopela.

Malamulo aliponso. Kuno ku Zimbabwe a CAAZ, bungwe loyang'anira za ndege, ali ndi Statutory Instrument 271 ya 2018 ya ndege zopanda woyendetsa mkati, pitani mukafunse musanayambe, ndipo musayerekeze kuulutsa pafupi ndi bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, Charles Prince kapena Manyame, kapenanso pamwamba pa anthu.

Kumudzi ku Malawi mwatitsogolera pa zina, timamva, njira yoyesera ma drone inatsegulidwa ku Kasungu mu 2017, African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe mu 2020. Zabwino zedi, koma malo amenewo amalowa ochepa, ndipo mota, ESC ndi batire zomwe amaphunzira kumeneko ndi zomwezi zili mu kandege ka kaylite. Pempho langa, akonzi, likupita kwa ahedi a masukulu, kuno ndi kumudzi komwe: tibwerekeniko bwalo Lamlungu masana mpira ukakhala kulibe, ana azibwera kudzaona ndi kugwirako. Kale mukanatikaniza chifukwa cha phokoso, koma zamagetsizi ngakhale mpingo umene umapemphera mu kalasi ya sitandade 5 sudandaula.

Ndine wanu,
Wowerenga wa ku Mufakose, Harare