Mzime wanga wayamba mkombaphala

Shamwali wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti dzuwa la Okutobala latiyanika ngati nsomba pathandala. Ukudziwa wekha mmene kumatenthera ku Nchalo, usiku tikugona panja pamkeka. Uthenga wako wa pa WhatsApp ndinaumva, koma zimene unafunsa za mzime wanga ndi sukulu yake si zoyankha ndi mawu a mphindi imodzi, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Inde, mzime wanga uja wayamba sukulu. Ino ndi sabata yachisanu.

Unachoka ali kumsana, ndiye sukumudziwa. Ali ndi zaka 4 tsopano, koma mawu amene amatchula sakwana zala za manja awiri. Akafuna madzi sanena, amangondigwira dzanja n'kukaliika pachidebe. Atha kuswera pakhonde akundandalika zitsekerero za Fanta pamzere, ndipo ukasuntha chimodzi amalira ngati wapsa. Chigayo chikayamba, manja ali kumakutu. Ndinayamba kukayikira nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 tili kumsasa: anzake amsinkhu wake ankaitana amayi awo, iye ukamutchula dzina osacheuka n'komwe. Ndinkayesa kuti samva. Tinakwera mapiri a Thabwa mpaka kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre, anamuyeza makutu, ali bwinobwino. Adokotala a ana ndi amene anatiuza dzina la zimenezi, akuti autism. Anati ndi mmene ubongo wake unakulira, sizipatsirana, palibe jakisoni kapena mapiritsi ozichotsa, koma mwana akayamba kuphunzitsidwa msanga komanso moleza mtima amatha zambiri. Ndinafunsa ngati ndinalakwitsa kanthu ndili woyembekezera. Anati ayi. Ayi ameneyo ndinabwerera naye kumudzi ngati ndalama yomanga pansalu, chifukwa kuno ena akuti tinamuika m'chizimba kuti okala yathu iziyenda. Okala yake iti, yogulitsa sopo ndi mchere ija?

Sukulu ndinayendera zitatu. Yoyamba ndi ya pulayiveti, yokongola ndithu, khoma lojambulidwa njovu ndi zilembo, ana ali mu yunifomu akuimba Chingerezi. Mtima wanga unali utagwera pomwepo. Koma titangolowa m'kalasi, ana onse anakuwira pamodzi moni uja amawaphunzitsa, pansi pa malata otentha, ndipo mwana wanga anadzigwetsa pansi n'kuyamba kumenyetsa mutu. Aphunzitsi anatenga kakamtengo patebulo, akuti amangoopsezera. A hedi anati amulandira ndikamalipira mtsikana womulondera. Yachiwiri sanachedwe nane: akuti makolo ena achotsa ana awo poopa kuti awapatsira. Ndinalira panjira yonse, wa kabaza mpaka anandifunsa ngati kwagwa maliro.

Yachitatu ndinkainyoza ndisanaione. Ndi mkombaphala wa m'mudzi, uja aboma amati CBCC, pafupi ndi tchalitchi chathu. Chipinda chimodzi, mtengo wa bwemba panja, zidole zadongo ndi mipira yamapepala. Alezi ake ndi ongodzipereka, phala lake ndi ufa umene makolo timasonkha. Titafika, mwana anakana kulowa, anakakhala pansi pa bwemba n'kutulutsa zitsekerero zake m'thumba. Ndinachita manyazi, ndinafuna kumukoka. Mlezi wamkulu, mayi wachikulire wa imvi zake, anandigwira mkono n'kunena kuti, “Musiyeni, mayi.” Anakakhala padothi pambali pake, osamuyang'ana kumaso, osamulankhula. Anatola timiyala n'kuyamba kundandalika mzere wakewake. Panapita nthawi yoti munthu n'kuphika nsima n'kupakula. Kenaka mwana wanga anatambasula dzanja n'kuwongola kamwala kamodzi ka mayiwo kamene kanapotoka. Shamwali, munthu wachilendo anali asanasewerepo naye chibadwire.

Mayiwo sanandinamize. Anandiuza kuti mawu akuti autism anangowamvapo kumaphunziro a masiku ochepa, ndipo anayamba kundifunsa ine: amaopa chiyani, amadya chiyani, akakwiya mumatani, akafuna kuchimbudzi amaonetsa bwanji? Sukulu ziwiri zija palibe anandifunsa chilichonse kupatula fizi.

Mayi omwewa ndi amene anandilumikiza ndi mphunzitsi wa ana olumala wa ku pulayimale yoyandikana nafe, wophunzira ku Montfort ku Chiradzulu, kumene amasula aphunzitsi a maphunziro apadera. Ali ndi sukulu zambiri zoti aziyendera panjinga yakapalasa, ndiye kwathu amafika mwa apo ndi apo, koma akabwera amasiya nzeru. Anadula katoni ya sopo n'kujambulapo kapu, mbale ya phala, chimbudzi ndi mkeka. Mwana akafuna chinthu aziloza kapena kupereka kakhadiko, ndipo wamkulu azitchula mawuwo kamodzi, mwachidule. Anatinso zochitika za tsiku zizitsatana chimodzimodzi, pemphero, nyimbo, masewera, phala, chifukwa ana otere chimawasokoneza kwambiri ndi kusadziwa chimene chikubwera. Nthawi ya nyimbo amaloledwa kukhala pakhomo, osati pakati pa phokoso. Ndipo mlezi amamupatsa madzi asanapemphe, poti ndi kutentha kuno mwana wosanena ludzu akhoza kukomoka anthu akuona.

Chimene chinkandisowetsa tulo ndi madzi omwewo. Amawakonda moopsa, akaona ngalande za kuminda ya nzimbe amathamangira osayang'ana kumbuyo, ndipo iwe ukudziwa zimene zimakhala m'madzi a kuno kuchigwa. Pasukulupo panalibe mpanda. Bambo ake anakamba ndi a komiti, ndipo Loweruka lina azibambo anadula bango n'kumanga. Ena anang'ung'udza kuti tikuvutikira mwana mmodzi, koma mbuzi zitasiya kulowa kukhitchini anangoti zii.

Usaganize kuti zonse zayera. Phala akukanabe, amadya nsima yosatowa yokha imene ndimamunyamulira m'kakontena. Lachiwiri analuma mnzake pamkono ndipo ndinakapepesa ndi sopo kwa amake. Mlezi wamkulu uja salandira malipiro, tsiku lina akhoza kutopa kapena kupita kukakolola kudimba. Za Sitandade 1, pamene adzakwane zaka 6 n'kukalowa m'kalasi lodzaza ngati msika wa Loweruka, sindifuna n'komwe kuziganiza panopa. Koma dzana anandibweretsera khadi la kapu, n'kunena yekha kuti “madzi”. Ndinamupatsa kapu yoyamba, ina ndinamwa ine manja akunjenjemera.

Unafunsa choti utumize. Zovala usavutike nazo. Ukapeza zotseka kumakutu zija amavala a kufakitale ya shuga, koma za saizi ya mwana, undigulire. Za bambo ake tinayesa, zimamugwera m'khosi. Upatsire aliyense wokwera basi ya Disembala, ife tidzakazitengera ku Blantyre. Malambe ako ndasunga kale m'thumba.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine shamwali wako wa ku Nchalo.