Pa phiri la Mulanje tiziwerenga mphindi

Akonzi,

Achinyamata ambiri okonzekera mpikisano wa Porters Race, wothamanga kukwera ndi kutsika phiri la Mulanje, akuwerenga makilomita ngati akuthamanga pa msewu wa tala. Pa tala, makilomita 10 munthu amatha kuwamaliza pa ola limodzi, koma chikweza chochoka ku Likhubula kupita ku Chambe chimadya nthawi yochuluka pa mtunda wochepa. Wokakamira makilomita amapweteka mawondo ndi ntchafu, makamaka potsika, ndipo tsiku la mpikisano limamupeza akutsimphina.

Masiku atatu pa sabata thamangani mphindi 40 mpaka 50, pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu osabanika. Loweruka likhale la ulendo wautali: yambani ndi mphindi 90, muziwonjezera 10 sabata iliyonse, koma sabata yachinayi chepetsani kuti thupi libwerere m'chimake. Ulendo ukapitirira ola, nyamulani madzi ndi nthochi. Theka la nthawi likakwana, tembenukani, ngakhale musanafike pomwe mumafuna, makamaka chiperoni chikagwa miyala n'kuyamba kuterera.

Makilomita muziwerenga kamodzi pa sabata, poyesa liwiro pa bwalo la mpira kapena m'njira zosalala za m'minda ya tiyi.

Okonda zothamanga,
Likhubula, Mulanje