Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: fuluwenza ya chaka chino si ya chaka chatha

Olemekezeka a Nduna,

Pempho langa ndi lakuti unduna wanu uike ndalama za boma pa ntchito yotsata kachilombo ka fuluwenza chaka chonse, ndipo zomwe mwapeza muzitiuza. Ndifotokoze chifukwa chake.

Katemera wa chikuku amene amayi amabayitsa ana kusikelo anayamba m'zaka za m'ma 1960 ndipo akugwirabe ntchito, poti kachilombo ka chikuku sikasintha mbali yomwe thupi limakazindikirira. Ka fuluwenza n'kosiyana. Kunja kwake kuli timapuloteni tiwiri, hemagglutinin ndi neuraminidase, tomwe timabweretsa zilembo H ndi N m'maina ngati H1N1 ndi H3N2. Pochulukana, kachilomboka kamalakwitsa pokopera malangizo a chibadwa chake, ndipo kalibe njira yokonzera zolakwikazo. Zikaunjikana, chitetezo cha m'thupi chimakhala ngati mlonda amene anamuonetsa chithunzi cha wakuba, koma wakubayo wabwera atameta ndevu, wavala chipewa. Amamukayikira, inde, koma kumugwira amachedwa. N'chifukwa chake katemera wa fuluwenza amabayidwa chaka ndi chaka.

Palinso kusintha kwina, kwadzidzidzi. Malangizo a kachilomboka ali m'zidutswa 8. Mitundu iwiri ikalowa m'nyama imodzi, monga nkhumba, imatha kusinthana zidutswazo n'kutuluka mtundu womwe matupi athu sanakumane nawo. Miliri ya 1957 ndi 1968 inayamba ndi kusakanikirana kotereku, chimodzimodzi H1N1 ya 2009 yomwe inaonekera koyamba ku Mexico ndi ku United States. Mliri wa 1918, womwe unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, unafika ku Nyasaland kuno chaka chomwecho chisanathe.

Tsono nkhani ili apa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limasankha mitundu yolowa m'katemera kawiri pachaka: mu February kusankhira maiko a kumpoto, mu September kusankhira ife a kum'mwera. Amasankha msanga chifukwa katemera wambiri amakulitsidwa m'mazira a nkhuku ndipo kumupanga kumatenga pafupifupi miyezi 6. Posankhapo amayang'ana tizilombo tomwe maiko oposa 100 atumiza ku malabotale a ku London, Atlanta, Melbourne, Tokyo ndi Beijing, ndondomeko yomwe inayamba mu 1952. Dziko lomwe latumiza zochepa, mawu ake pamsonkhanowo ndi ochepanso. Ndipo ntchitoyi imapindula: mtundu wa B/Yamagata sunapezekenso kuchokera mu March 2020, ndipo chifukwa anthu ankayeza, WHO inalangiza kuti uchotsedwe m'katemera.

Kwathu kuno munthu akatentha thupi, kuphwanya m'mfundo ndi kutsokomola, amamuyeza malungo. Akapanda kupezeka nawo amabwerera ndi Panado, mwinanso kukagula Bactrim pagolosale, mankhwala omwe kachilombo ka fuluwenza sikawamva n'komwe. Kathonje ka pakamtengo kolowetsa m'mphuno, kamene tonse tinakazolowera nthawi ya Covid-19, n'komwe kangatiuze kuti ndi fuluwenza ndipo ndi mtundu uti. Makina oyezera tizilombo a PCR amene tinalandira nthawi imeneyo akhoza kugwiranso ntchitoyi. Chofunika ndi mankhwala oyezera, bokosi lozizira ndi mafuta a galimoto, zinthu zomwe zimayamba kusowa opereka thandizo akangotseka pulojekiti.

Musaone ngati kachimfine chabe. WHO imati fuluwenza imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse. Kafukufuku yemwe bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linachita pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti akuluakulu omwe ali ndi HIV amadwala fuluwenza kawirikawiri komanso modetsa nkhawa kuposa anzawo. Amenewa, amayi oyembekezera, okalamba ndi anamwino ndiwo ayenera kukhala oyamba katemera akapezeka. Koma tidzawabaya mwezi uti? M'maiko otentha fuluwenza sitsata nyengo yozizira mwandondomeko ngati ku Ulaya. Kalendala ya Johannesburg singatiyankhire za Nsanje ndi Karonga. Yankho lichokere ku ziwerengero zathu, zomwe Public Health Institute of Malawi ingasonkhanitse ikapatsidwa mphamvu.

Alangizi a zaumoyo nawonso aphunzitsidwe kunena zoona: katemerayu sateteza aliyense, ndipo chaka chomwe kachilombo kasintha kwambiri mphamvu yake imatsika, ngakhale amachepetsabe odwala mwakayakaya. Tikabisa zimenezi, munthu adzabayitsa, adzadwala, n'kulengeza pa WhatsApp kuti boma linamunamiza.

Chomaliza, lankhulanani ndi anzanu oyang'anira ziweto. Mu 2023 South Africa inapha nkhuku mamiliyoni chifukwa cha chimfine cha mbalame mpaka mazira anasowa, ndipo mu 2024 mtundu wa chimfine cha mbalame wa H5N1 unapezeka m'ng'ombe zamkaka ku United States. Kuno nkhuku zimagona m'nyumba ndi ana, ndipo zikayamba kufa timangoti chitopa, n'kuzipha msanga kuti ndiwo zisawonongeke. Mlimi wotere akhale ndi nambala yoimbapo, ndipo akaimba pabwere munthu wodzayeza.

Ine wanu,
Mzika yokhala ku Zomba