Funsani kaye timu musanatole zida za masewero

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale athu okhala kunja, makamaka a ku Joni, amene amasonkhanitsa majezi, mipira ndi nsapato zoti adzapatse matimu a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu pobwera kudzaona makolo mu Disembala. Thandizo limeneli tikulifuna kwambiri, chifukwa ku Linthipe, ku Bembeke ngakhale ku Kasinje ana ambiri akuphunzirabe mpira ndi chikulunga cha majumbo. Chomwe chimandipweteka n'chakuti katundu wina amayenda makilomita opitirira 1,500 koma osalowa m'bwalo ngakhale tsiku limodzi. Amangokhala m'katoni mu ofesi ya ahedi mpaka makoswe atamuboola. Vuto limayambira kunja komweko: anthu amatola chilichonse chomwe apatsidwa asanafunse eni timu kuti akusowa chiyani.

Musanapemphe kanthu kwa aliyense, imbirani mphunzitsi wa timuyo. Akuuzeni kuti osewera alipo angati, a zaka zingati, anyamata kapena atsikana, ndiponso bwalo lawo ndi lotani. Pa nsapato musadalire nambala yongotchula pafoni, poti mwana amene sanavalepo nsapato ya mpira sadziwa saizi yake. Aliyense aponde papepala, mphunzitsi ajambule phazi ndi kuliyeza m'masentimita, inu muwonjezere sentimita imodzi. Kumbukiraninso kuti phazi lokulira kuyenda pansi limakhala lotambalala, choncho nsapato yopyapyala kutsogolo imafinya ngakhale kutalika kuli bwino. Manambala a ku South Africa ndi ofanana ndi a ku UK, koma a ku Ulaya ndi ku America ndi ena: saizi 8 ya ku UK ndi 42 ku Ulaya, ndipo ku America imakhala pafupifupi 9.

Pa nsapato pomwepa ndi pamene zambiri zimalakwika. Ku Ulaya amasewera pa kapinga wofewa, n'chifukwa chake nsapato zawo zina zimakhala ndi zisonga zazitali zachitsulo kunsi, zija amalemba SG. Mabwalo athu kuyambira Meyi mpaka Novembala amauma gwa. Chisonga sichilowa m'dothi, m'malo mwake chimabwerera kuphazi, mwana n'kumathamanga ngati akuponda misomali, ndipo akatembenuka mwadzidzidzi akakolo amabinya. Choopsa china n'chakuti mnzake amene akulimbana naye nthawi zambiri alibe chotchingira msongolo. Nsapato zotere musatenge ngakhale zikhale zatsopano. Zoyenera kuno ndi za timabampu tarabala tambirimbiri, zolembedwa TF, kapena za zisonga zazifupi zapulasitiki zolembedwa FG. Iliyonse ipindeni pakati ndi manja muone ngati soli ikutseguka. Nsapato yokhalitsa m'kabati imaoneka yokongola koma guluu wake anauma kale, ndiye ikadutsa m'kutentha kwa ku Tete ili m'ngolo ya basi, imadzayasama pa masewero oyamba. Mangani peyala iliyonse ndi zingwe zake ndipo lembani saizi kunsi ndi maka.

Ngati mwapeza mapeyala 5 okha, musawapereke kuti theka la timu livale. Wovala nsapato akaponda chala cha mnzake wopanda nsapato, chikhadabo chimazuka. Ndi bwino kudikira mpaka zikwane onse, kapena kuphatikiza zomwe mwapeza ndi za anzanu kuti timu imodzi ivale yonse chaka chino, ina chaka chamawa.

Majezi nawo ndi chimodzimodzi. Timu imalowa m'bwalo ndi anthu 11, ndipo pamafunikanso olowa m'malo, ndiye yunifolomu yabwino ikhale ya anthu 16 mpaka 18, mtundu umodzi, manambala kumsana, makabudula ndi masokosi ake. Goloboyi amafunika jezi ya mtundu wosiyana ndi anzake, ndi magolovesi. Jezi zitatu za Kaizer Chiefs, ziwiri za Arsenal ndi zina zinayi zopanda dzina si yunifolomu, n'zovala zoyendera basi, ndipo zidzatheradi kumsika kwa Lizulu tsiku la msika. Saizi XL pa mwana wa Sitandade 6 imafika m'mawondo.

Mipira ndiyo yosavuta kunyamula, koma ili ndi zakezake. Saizi 5 ndi ya achinyamata ndi akuluakulu, saizi 4 ndi ya ana a zaka zapakati pa 8 ndi 12. Mpira wa saizi 5 umalemera magalamu 410 mpaka 450, kutanthauza kuti mipira 20 sipitirira makilogalamu 9. Iphwetseni kuti isadye malo, koma osaipinda mpaka kuphwatalala. Sankhani yosokedwa ndi ulusi, chifukwa ikang'ambika wosoka nsapato wa pa Golomoti kapena pa Kampepuza atha kuikonza, pomwe yomata ndi guluu ikasupuka pa miyala ndiye yatha. Ndipo chonde, musaiwale mpope ndi masingano ake. Kasingano kameneka n'kotchipa kwambiri, koma kakathyoka kumudzi mipira yonse imagona. Ikanimo 10, ndipo muuze mphunzitsi kuti azikanyowetsa asanakalowetse, apo ayi vavu imang'ambika mpira n'kumaphwa wokha.

Atsikana amaiwalika kawirikawiri, chonsecho dziko lino limadziwika kunja chifukwa cha Malawi Queens. Timu ya ntchemberembaye imafuna mabibu 7 olembedwa GS, GA, WA, C, WD, GD ndi GK, ndipo mukabweretsa maseti awiri a mitundu yosiyana ndiye kuti atha kumayeserera okhaokha. Bibu imodzi ikasowa, seti yonse yaperewera. Mpira wawo ndi wakewake, wokhakhala kuti usaterereke m'manja. Zitsulo za magolo musavutike nazo, wowotcherera aliyense pa Dedza kapena pa Ntcheu boma apanga: mlongoti wa mamita 3.05 ndi mkombero wotambalala masentimita 38 m'kati mwake. Mutumizireni ndalama basi. Maukonde a mpira wa miyendo yang'anani muyeso, golo la akuluakulu ndi mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kupita m'mwamba, ndipo ambiri operekedwa ndi masukulu a kunja amakhala a magolo aang'ono.

Tsopano za pamsewu. Wochokera ku Johannesburg amadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, kenako amalowa m'Malawi pa chipata cha Dedza kudzera ku Angonia, kapena cha Mwanza kudzera pa Zobue. Zipata ndi zitatu, ndipo pena paliponse atha kukuuzani kuti mutsitse katundu. Kunena kuti ndi mphatso sikuchotsa msonkho pakokha. Mapeyala 30 a nsapato m'thumba limodzi amaoneka ngati kaunjika wa malonda, ndipo wa kasitomu sangalakwe kuganiza choncho. Lemberani a MRA, bungwe lotolera misonkho, ulendo usanayambe mufunse zoyenera kuchita, ndipo m'manja mukhale kalata ya amene apereka katunduyo, kalata ya sukulu kapena timu yolandira yokhala ndi chidindo, ndi ndandanda wa katoni iliyonse: muli chiyani, zingati, zatsopano kapena zogwiritsidwa kale ntchito, mtengo wake woyerekeza. Sungani ndalama yapadera ya msonkho. Wa pabasi afunsiretu mtengo wa katundu wowonjezera, wa galimoto yake asaiwale mapepala a galimotoyo, inshulansi, ma triangle awiri ndi jekete yonyezimira zomwe apolisi a ku Mozambique amafunsa. Disembala ndi nthawi ya mvula, choncho kulungani makatoni ndi pulasitiki, ndipo ngati timu ili kutali ndi tala, konzani zoti mukumane nayo pa M1.

Pali china chomwe ambiri sakonda kuchitchula. Mukafika pakhomo, katundu yense amene watsika m'galimoto amaonedwa ngati wa banja. Mphwanu aona nsapato yomukwana, amalume apempha jezi imodzi yokha, ndipo kukana n'kovuta kwa munthu amene wakhala zaka zitatu osabwera. Pofika tsiku lopereka, yunifolomu ya 18 yatsala 13. Njira yake n'kulongedza padera kuchokera kunja komweko, makatoni a timu omata ndi kulembedwa dzina la timu, mphatso za abale m'chikwama china, ndipo a timu atuluke m'nyumba tsiku lotsatira lomwelo.

Popereka musapatse munthu mmodzi kuseri, ngakhale akhale mnzanu wa paubwana. Itanani ahedi kapena komiti ya timu, amfumu ndi osewera eniake, muwerenge chinthu chimodzichimodzi onse akuona. Ndandanda ukhale pa mapepala awiri osainidwa, lina lanu lina lawo. Mipira ilembedwe dzina la timu ndi nambala, ndipo musapereke yonse kuti igwire ntchito nthawi imodzi: iwiri m'bwalo, ina yosapopa idikire m'bokosi lachitsulo. Majezi azibwezedwa masewero akangotha, achapidwe pamodzi, ndipo nsapato ziziumitsidwa pamthunzi zitafutiridwa nyuzipepala m'kati, chifukwa chinyontho cha ku Dedza kuno chimameretsa nkhungu pa chikopa m'masiku ochepa.

Wokonda masewero a achinyamata,
Dedza